Kwa Amalume, pa nkhani ya Wi-Fi yosafika ku nyumba yakumbuyo

Amalume, ndamva funso lanu lija, loti Wi-Fi imagwira bwino pabalaza koma siifika ku nyumba yakumbuyo, ndipo mukuganiza zogula repeater, kachipangizo kolandira Wi-Fi n'kuifalitsanso kuti ifike patali. Ndikupempha kuti muyambe mwadikira kaye.

Poyamba onani pamene rauta yakhala. Ngati ili pansi, pakona kapena kuseri kwa TV, ikwezeni pamalo oonekera chapakati pa nyumba, chifukwa makoma a njerwa ndi konkire, malata, ngakhale thanki ya madzi, zonsezi zimafooketsa netiweki. Rauta zambiri zimaulutsa Wi-Fi ya mitundu iwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Ya 5 GHz ndi yothamanga koma imathera pafupi, pomwe ya 2.4 GHz imapita patali ndipo imadutsa khoma bwinoko.

Repeater ndimaikayikira chifukwa yambiri imalandira ndi kutumizanso uthenga pa njira imodzimodzi, moti liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, ndipo mukaiika pamene netiweki yafika itafooka kale, imangofalitsa kufooka komweko. Foni imaonetsa timizere todzaza, koma vidiyo imangodukaduka.

Ndikadakhala inu, ndikadakoka chingwe cha netiweki chotchedwa Ethernet, cha mtundu wa Cat6, kuchokera pa rauta mpaka ku nyumba yakumbuyoyo, n'kuikako access point, kachipangizo kolandira netiweki pa chingwecho n'kuiulutsa ngati Wi-Fi. Chingwe chimenechi chimagwira bwino mpaka mamita 100, ndipo mukasankha access point ya PoE, magetsi ake amadzera m'chingwe chomwecho, kotero kuti simuvutika kufunafuna soketi pamene mwaipachika. Chingwecho chikhale chopangidwira panja, chilowe m'payipi n'kukwiriridwa pansi. Musachimangirire m'mitengo kapena pamwamba pa mpanda, chifukwa dzuwa limachiwononga, ndipo mphezi ikagwa pafupi imatha kupsereza rauta ndi zonse zolumikizidwa nayo. Izi ndazinena motsindika chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaluza zipangizo.

Ngati mtundawo ukupitirira mamita 100, pafunika chingwe cha faiba, kapena tinyanga tiwiri totumizirana netiweki toyang'anizana, kamodzi pa nyumba iliyonse, koma pakati pake pasakhale mtengo kapena khoma lotchinga.

Pomaliza kulumikiza, mupatse access point dzina ndi pasiwedi zofanana ndi za rauta, kuti foni izisintha yokha mukamayenda pabwalo. Mundiyezere mtunda wa pakati pa nyumba ziwirizo ndi kunditumizira chithunzi cha kumbuyo kwa rauta, kuti ndione ngati pali pobaya chingwe.