Kuwedza ku Malombe ndi mu Shire: yambani mwaonana ndi a BVC

Achimwene, mwafunsa ngati mungangofika ndi ukonde wanu ku Malombe kapena mu Shire kufupi ndi Mangochi n'kuyamba kupha nsomba. Ayi, sizitero.

Mukafika padoko, pezani kaye a komiti ya m'mudzi yoyang'anira usodzi, ija timangoti BVC. Makomitiwa anayambira ku Malombe komweko cha m'ma 1993 chambo chitayamba kusowa, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linawapatsa mphamvu. Iwowo ndiwo akuuzeni malamulo a padoko lawo, pomwe laisensi ya ukonde mukadula ku ofesi ya zausodzi ya boma.

Nkhani yaikulu ndi chambo. Nsomba imeneyi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndiye mukakola yaikazi imodzi nthawi yoswana mwapha banja lonse. N'chifukwa chake pa nyanja ya Malawi makoka amaletsedwa kuyambira pa 1 Novembala, ndipo Malombe nayo ili ndi miyezi yake yotseka. Chambo chosakwana masentimita 15, kasawala uja, chibwezereni m'madzi. Neti ya udzudzu musayerekeze n'komwe, imakokolola ndi mazira omwe, ndipo akakupezani nayo amalanda n'kuitentha.

Shire ikangotuluka mu Malombe imalowa mu Liwonde National Park, ndipo mmenemo kuwedza n'koletsedwa. Kunja kwa pakiyo samalani ndi ng'ona komanso mvuu, makamaka madzulo. Ine mbedza ndimaponya ndili patali ndi bango.