Mafunso atatu oti muwonjezere pa fomu yanu

Mayi wina amene akuphunzira ntchito ya zachisamaliro cha anthu wanditumizira imelo. Akuti: "Aphunzitsi akutiuza kuti tizilowetsa za chilengedwe m'ntchito yathu. Kodi imeneyo si ya a nkhalango? Ifetu tili kale ndi ana amasiye, okalamba ndi nkhanza za m'banja."

Mayi, takumbukirani Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno munafa anthu oposa 1,000. Nanga ntchito yolemba ana otayana ndi makolo m'misasa ya m'masukulu, ndi kuteteza atsikana ogona m'kalasi limodzi ndi anthu osawadziwa, inagwera ndani? Anzanu omwewo.

Koma ine chimene chimandikhudza kwambiri si namondwe ayi, ndi za tsiku ndi tsiku. Mtsikana akujomba kusukulu, inu mukulemba kuti makolo ndi osasamala, chikhalirecho nkhuni zinatha pafupi ndipo amalawirira m'bandakucha kukatola kutali. Bambo akuwotcha makala chifukwa chimanga chinapserera m'munda. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020. Bamboyo akamangidwa, mkazi ndi ana amabwera pa tebulo lanu. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018, mabanja a asodzi a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe anasowa pogwira.

Choncho mukafika pakhomo, funsaninso izi: madzi mumatunga kuti? Nkhuni amakatola ndani, ndipo amatenga nthawi yaitali bwanji? Mvula ikachuluka, madzi amadutsa pati?

Chonde musasanduke wapolisi wa mitengo. Wowotcha makala akadziwa kuti mukamuneneza, sadzakuuzaninso zoti mwana wake akudwala. Ntchito yanu ndi kumupezera kolowera: ngati akuyenera, alembedwe pa Mtukula Pakhomo, uja anayambira ku Mchinji mu 2006, alowe banki m'khonde, apeze malo pa ntchito za mthandizi zokonza migula ndi kudzala udzu wa vetiva. Mayi wa pakhomopo muwalumikize ndi gulu loumba chitetezo mbaula, nkhuni zizipita zochepa.

Za mwambo wodzala mitengo uja, wa matisheti ndi zithunzi, pitani mukaitanidwa. Kungoti pofika Okutobala mudzabwerere, mudzawerenge mbande zimene mbuzi zasiya.