Za kaduwa ka pabwalo kaja, Azakhali

Zikomo Azakhali, ndamva uthenga wanu ndipo chithunzi ndachiona. Ndayankha ndi mawu chifukwa polemba ndingatalikitse. Mwafunsa ngati nzoona zomwe zikuyenda pa WhatsApp, zoti masamba a kaduwa ka pinki kaja, komera kuseri kwa khitchini ndi mumchenga wa kunyanja, mukawawiritsa amachiza shuga, ndiye mukuganiza zowaphikira agogo. Chonde musawaphikire. Koma ndikufotokozereni bwino, chifukwa amene anayambitsa nkhaniyo sananame zonse ayi.

Kaduwako azungu amati periwinkle, a sayansi amati Catharanthus roseus. Kwawo ndi ku Madagascar, kuno kanangozolowera mpaka kumamera kokha. Ku Jamaica anthu ankamwadi madzi a masamba ake pofuna kutsitsa shuga, ndipo mbiriyo inafika ku Canada, kwa akatswiri awiri a sayansi, Robert Noble ndi Charles Beer. Atayesa pa makoswe, shuga sanatsike monga ankayembekezera. Chomwe chinatsika ndi maselo oyera a m'magazi, aja otiteteza ku matenda, makoswe nkumafa ndi tizilombo. Apo ndi pamene anaganiza kuti, ngati chinthuchi chikuletsa maselo kuchulukana, bwanji khansa? Mu 1958 anapatula mankhwala otchedwa vinblastine, kenaka ena anapeza vincristine. Vincristine ameneyo, Azakhali, ndi mmodzi mwa mankhwala omwe amabaya ana odwala Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada ija, ku Queens ndi ku Kamuzu Central. Ana ambiri ali moyo chifukwa cha kaduwa komwe ife timakapondaponda.

Komano tamverani apa. M'chomeracho muli mankhwala a mtundu wa alkaloid oposa 100, ndipo wothandiza khansayo ndi wochepetsetsa, moti pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba ouma kuti apeze galamu imodzi. Samwetsanso, amalowetsa mumtsempha, atayeza msinkhu ndi kulemera kwa wodwala. Mumphika mwanu mutuluka zonse pamodzi, zothandiza ndi zopweteka, popanda wodziwa mlingo wake. Agogo ndi okalamba, impso ndi chiwindi zatopa kale.

China chomwe chimandichititsa mantha ndi banja lake. Zomera a sayansi amaziika m'mabanja poyang'ana maluwa, zipatso, ndipo masiku ano ndi DNA yomwe. Kaduwaka ndi ka banja la Apocynaceae. Mukathyola pamatuluka utomoni woyera, masamba amakhala awiriawiri moyang'anizana, zipatso zimatulukanso ziwiriziwiri ngati nyanga za mbuzi. Mukudziwa m'bale wake? Kombe. Eya, kombe yemwe alenje a ku Shire ankapaka ku mivi. Cha m'ma 1860 John Kirk, amene ankayenda ndi Livingstone, yemwe uja wa mtengo wa pa Nkhotakota panu, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi. Atatsuka mano anamva kuwawa mkamwa, nkuona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Mbewu zinapita ku Edinburgh, ndipo Thomas Fraser anatulutsamo strophanthin, amene kuyambira 1885 anakhala mankhwala a mtima. Dziko lino linkagulitsa mbewu za kombe kunja nthawi ya atsamunda, ndipo dzina la makolo athu lidakalipo m'mabuku, Strophanthus kombe. Zimandipweteka kuti ana athu kusukulu sazimva zimenezi. Alenje aja ankadziwa mphamvu ya chomeracho Kirk asanabadwe nkomwe.

Gondolosi nayenso ndi wa banja lomwelo, ndipo anthu amatafuna mizu yake osagwa. Choncho sindikuti aliyense wa m'banjali ndi wakupha, koma ndi banja loti munthu usamaliyese pathupi pako chifukwa cha uthenga wa pa foni.

Ine zitsamba sindizinyoza, mukundidziwa. LA yemwe timamwa pa malungo uja, theka lake linachokera ku chitsamba cha ku China, Artemisia annua, m'bale wake wa chisoso chomwe timadyera nsima, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 pa ntchito imeneyo. Koma LA anayesedwa, mlingo wa mwana ndi wa wamkulu ukudziwika. Tiyi wa kaduwaka sanadutse njira imeneyo.

Ndiye za agogo tichite chonchi. Mapilitsi awo asasiye ngakhale tsiku limodzi. Mwanena kuti akumva ludzu kwambiri ndipo akudzuka usiku pafupipafupi kukataya madzi, chimenecho chingakhale chizindikiro choti shuga wakwera, ndipo ofunika kusintha mankhwala ndi adokotala. Apite ku chipatala cha boma pa Nkhotakota sabata ino, atenge buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse, ndipo ngati alipo kale amene anawamwetsa zitsamba zilizonse mukanene, musachite manyazi. Muwayang'anenso kumapazi ngati kuli chilonda. Ya kabaza ndikutumizirani madzulo ano ndikaweruka kuno ku Salima. Kaduwako musakazule, ingowauzani ana asamatafune masamba ake. Achimwene, inunso muli pagulu pano, uthenga uja musautumizenso kwina chonde.