Lamba wokwerera mitengo musapite naye kwa osoka nsapato

Achimwene, mwafunsa kogula lamba wokwerera mitengo kuno ku Lilongwe, mwafunsanso ngati lamba wa mabilida amene muli nayeyo mungamusokerere maring'i ena m'chiuno kuti muzitsamirapo podula nthambi. Za chainsaw akuyankhani kale ena, ndipo mkangano wa Stihl ndi Husqvarna ine sindilowamo. Ndiyankha za kusokererazo, chifukwa ndi zimene zinatsala pang'ono kunditengera kumanda.

Musayerekeze dala.

Ine ndinachitapo. Ndinagula lamba pa kaunjika, n'kupita naye kwa mkulu wina wosoka nsapato kuti andiikire maring'i awiri. Anasoka bwino ndithu, ndi ulusi wokhuthala uja amasokera majombo. Ndinakoka ndi manja onse awiri, osasuntha, ndipo ndinagwira naye ntchito masabata angapo ndikudzitama. Tsiku lina ndili m'bulugamu wamtali ku Area 47, nditatsamira chagada, nthambi yaikulu inagwa thunthu n'kugwedezeka. Ndinangomva thu, thu, thu m'chiuno, ulusi ukuduka umodziumodzi, ring'i ya kumanzere n'kusololoka. Chinandipulumutsa ndi chingwe chachiwiri chimene ndinakoleka pa mphanda chapamwamba, koma ndinamenyetsa nthiti pathunthu moti mwezi wonse kuseka kapena kutsokomola kunali chilango. Wosoka uja sindimuda ayi. Singano yake yaikulu ija ikamaboola imadulanso ulusi wa lamba weniweniyo, ndiye pamene mukuti mwalimbitsa mpamene mwafooketsa.

Komanso lamba wa mabilidayo sanapangidwire ntchito yathuyi. Ring'i yake ili kumsana, ntchito yake ndi kukuwakhani mukagwa pa sikafodi, osati kukhalamo tsiku lonse. Mukalendewera nthawi yaitali amakufinyani m'ntchafu mpaka miyendo kuchita dzanzi. Wa mitengo amakhala ngati mpando: kutsogolo pansi pa mchombo kuli kachingwe kopingasa kamene timati bridge, m'mbalimu maring'i awiri omangirira chingwe chozunguliza thunthu. Pogula yang'anani kansalu kolembedwa mkati mwake. Pakhale EN 813 ndi EN 358, manambala a miyezo ya chitetezo ya ku Ulaya osonyeza ntchito imene lambayo anapangidwira. Mukaona EN 361 yokha, ameneyo ndi wa mabilida womwe uja. Onaninso chaka chimene anapangidwa, chifukwa a Petzl, kampani yopanga zida zokwerera, eni ake amati zida zawo za nsalu zisapitirire zaka 10 chipangidwire, ngakhale zitangokhala m'bokosi. Wa kaunjika amene kansalu kake kanafufutika musiyeni, kaya atsitse mtengo chotani.

Zoti musinthe kuti lamba akukhaleni bwino zilipo, bola zisakhale zonyamula thupi lanu. Ine ndinawonjezera siponji pamsana, ndinasuntha tokolekera zida kuti sowo ya pamanja ikhale kumanja, botolo la madzi kumanzere. Bridge ikayamba kunyenyeka mumachotsa n'kuika ina ya kampani yomweyo, osati chidutswa chimene mwadula nokha. Chainsaw ikhale pa chingwe chakechake kumbuyo, ndipo chikhale cha mtundu uja umaduka wokha ukakokedwa mwamphamvu. Chipika chikapana chainsaw n'kumagwa nayo, bola itayike yokha kusiyana n'kuti ikutsitseni nonse.

Za mtengo konzekerani kupuma mozama. Petzl Sequoia kapena treeMOTION ya Teufelberger imayambira cha m'ma 400 dollars kukwera m'mwamba, musanaikepo zoyendera ndi msonkho wa MRA. M'makwacha sinditchula, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa lero si wa mwezi wamawa. Wanga anandigulira alamu anga ku Johannesburg, unabwera pa basi. Masitolo a zida za chitetezo m'tauni muno amene ndawayendera mumadzaza malamba a mabilida omwe aja, koma helemeti, magolovesi ndi magalasi mupeza. Helemetiyo ikhale ya lamba wa pachibwano, apo ayi mukangowerama ikakudikirani pansi.

Ndaona wina wayankha kuti chingwe cha buluu cha ku hardware chimakwana. Akuluakulu, chimenecho n'chomangira matumba a makala pa lole. Chimaphwanyika ndi dzuwa, ndipo chikakhulana ndi khungwa kapena mfundo chimasungunuka. Chingwe chokwerera chimakhala cha mamilimita 11 mpaka 13, cholembedwa EN 1891. Chimenecho musatsitsirenso zipika, zipika zikhale ndi chawo. Musachiponyenso m'thumba limodzi ndi petulo kapena pafupi ndi batire ya galimoto, asidi amadya ulusi mwakachetechete. Makarabina, tizitsulo tokolekera chingwe ku lamba, akhale odzitseka okha, olembedwa 22 kN kapena kuposa, nambala yosonyeza mphamvu imene angapirire. Aja opachikira makiyi musawabweretse n'komwe kuntchito.

Poti mwati ntchito zanu zambiri zili ku Area 10 ndi Area 43, kumene mitengo inakula kale n'kuyandikana ndi mawaya a ESCOM, samalani ndi chingwe chozunguliza thunthu chija chili ndi waya mkati. Pa bulugamu woterera chimathandiza kwambiri, koma pafupi ndi magetsi n'choopsa. Nthambi ikakhala pa mawaya ine sindikwera mpaka atazimitsa, bwana akwiye akwiye. Mtengo wa malaina nawonso musaukhulupirire, nthambi yake imaoneka yonenepa koma imathyoka mosachenjeza, choncho kolekani pafupi ndi thunthu.

Ndipo musanakwere, imani kaye pansi mphindi zingapo mukuyang'ana m'mwamba, makamaka miyezi yotentha. Mnzanga wina anakumana ndi njuchi ali pamwamba pa mbawa atadzimangirira pawiri, ndipo mfundo zake zinali zoti n'kumasula ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo ine ndimamanga moti ndizitha kutsika ndi dzanja limodzi, ndipo mnyamata wa pansi sachoka mpaka nditaponda dothi.