Kachala kamodzi pa uthenga wa maliro

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti mchimwene wake atalemba pa gulu la banja la WhatsApp kuti azakhali atisiya, iye anali pantchito, ndiye anangodina 👍 kutanthauza kuti wamva. Chiyambire tsikulo amalume ake sakumuyankha. Akufunsa kuti, "Kodi ndinalakwa?"

Achemwali, choyamba pepani ndi zovutazi. Mtima wanu unalibe choipa, koma kachalako kanakunenerani zina.

Taganizirani amalume ali pasiwa. Masamba ayalidwa pamsewu, amayi akulira m'nyumba, abambo azungulira moto panja. Atsegula foni, n'kupeza chala choimirira cha mwana wa mlongo wawo. Kwathu chala chimenechi timaimika zinthu zikayenda bwino, mwana akakhoza mayeso, timu ikagoletsa. Mukanakhala pomwepo akanaona maso anu, akanamva mawu anu akunjenjemera. Emoji ilibe zonsezo. Tanthauzo amaikamo ndi wowerenga, ndipo munthu wofedwa amawerenga ndi mtima wabala.

Si inu nokha amene kachalaka kanawapachika. Mu 2023 khoti la ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, linaweruza mlandu wa mlimi amene anatumiziridwa pafoni chithunzi cha mgwirizano wogulitsa mbewu ya flax, iye n'kuyankha ndi 👍. Mbewuyo sanapereke. Anadziteteza ngati inu, kuti ankangosonyeza kuti uthenga wafika. Woweruza anati chalacho chinali kuvomera, ndipo analamula kuti alipire ndalama zoposa madola 82,000 a ku Canada.

Palinso 😂, kamene kamandimvetsa chisoni kwambiri. Achikulire ena amangoona misozi, makamaka pa foni yaing'ono, osadziwa kuti n'kuseka. Ndakaonapo kangapo pansi pa uthenga wa maliro, wotumizayo akulira zenizeni.

Tsono musakalembe zodzilungamitsa pagulu paja, mudzangoitana anthu oweruza. Imbirani amalume madzulo, ana atagona. Yambani ndi kupepesa maliro, muwafunse mmene mwambo unayendera, ndani anafika, azakhali anadwala bwanji. Za kachalako munene pomaliza, mwachidule: "Malume, ndinali pantchito, manja anafulumira, ndikhululukireni." Akapanda kuyankha foni, tumani amayi anu akakulankhulireni, ndipo chipepeso chanu chipite nawo limodzi.