Mwana wanga akufuna kukafufuza za kachisi wa ku Japan: adzadya chiyani?

Mayi wina wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi wamaliza digiri ya mbiri yakale. Akuti akufuna sikolashipu ya ku Japan kuti akafufuze za kachisi wa Chibuda wa Yashima-ji ndi msilikali Yoshitsune. Bambo ake akuti n'kutaya nthawi. Ndimuuze chiyani?"

Mayi, musafulumire kumuletsa. Yambani mwamufunsa kuti akufuna kupeza chiyani kwenikweni.

Za nkhondo imene Yoshitsune anamenya pa Yashima zinalembedwa kale mpaka kutopetsa. Mu 1185, Minamoto no Yoshitsune anawoloka nyanja kuli namondwe, n'kudzidzimutsa a fuko la Taira pa Yashima, pomwe lero pali mzinda wa Takamatsu. A Taira anathawira m'zombo, ndipo patangopita milungu yochepa anatheratu pa nkhondo ya panyanja ya ku Dan-no-ura. Mwana wanu akangobwereza zimenezi, pempho lake silipita patali.

Nkhani yeniyeni ili pakachisi pomwepo. Yashima-ji ndi wa nambala 84 pa akachisi 88 a pachilumba cha Shikoku, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,200 umene anthu amayenda pokumbukira Kukai, mphunzitsi wakale wa Chibuda, atavala zoyera, ndodo kumanja, kabuku kodindapo zidindo za kachisi aliyense kali m'thumba. Pafupi pake pali dziwe limene amati asilikali a Minamoto anatsukiramo malupanga mpaka madzi kufiira. Nanga zinatheka bwanji kuti malo opempherera azisunga nkhani ya magazi, n'kumakopa nayo alendo? Funso ngati limenelo pulofesa angalitchere khutu, ndipo lingamufikitse kuntchito za malo osungirako zinthu zakale, zokopa alendo kapena uphunzitsi wa kuyunivesite. Ntchito zoterezi n'zochepa, pamenepo Bambo sakunama, ndiye ngati kulipo kaganyu kophunzitsa kusekondale asakakane podikira.

Sikolashipu ya boma la Japan, ya MEXT, amafunsira kudzera ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Imalipira fizi, tikiti ya ndege ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, koma amayang'anitsitsa ndondomeko ya kafukufuku. Aifotokoze momveka, aphunzitsi ake akale ayambe aiona asanatumize.

Chomwe chingamugwetse ndi chilankhulo. Zolembedwa za nthawi ya Yoshitsune zili m'Chijapani chakale, chimene eni akewo amachita kuphunzira kusukulu. Ayambe ndi Chijapani cha masiku ano, chaka chino osati chamawa, akonzekere mayeso a Chijapani otchedwa JLPT, ndipo satifiketi yake adzaiphatike pa pempholo.