Kuika flow meter pa mapaipi akale a dziwe losambiramo

Bambo ena amene amayang'anira loji ku Dedza anditumizira imelo. Akuti dziwe lawo ndi la malita 48,000, koma madzi sakuyera ngakhale pampu ikulira tsiku lonse. Akufunsa ngati angaike flow meter, mita yoyeza kuchuluka kwa madzi oyenda mu paipi, popanda kugumula mapaipi.

N'zotheka ndithu, bambo, ndipo musazengereze. Kulira kwa pampu si umboni woti madzi akuyenda. Kuti madzi onsewo adutse mu fyuluta pa maola 8, pafunika malita 6,000 pa ola, kapena kuti malita 100 pa mphindi. Geji ya pulesha yomwe ili pa fyuluta singakuuzeni zimenezi.

Nkhani yagona pa malo oikapo. Ikani mita pa paipi yobweza madzi ku dziwe, akatuluka mu fyuluta koma asanafike pa chothirira kolorini, chifukwa zinyalala ndi mankhwala zimaiwononga msanga. Paipiyo ikhale yogona ndiponso yowongoka. Madzi akangokhota kumene amavinduka, ndiye mita ikakhala pafupi ndi pokhota imanama. Pa paipi ya mamilimita 50, siyani masentimita 50 owongoka mbali yochokera madzi ndi 25 mbali inayo. Tinyumba ta pampu tambiri n'topanikizana. Ngati kanu kali choncho, itanani pulambala alumikize chidutswa chowongoka, kusiyana n'kukakamiza mita pakona.

Musanagule, yezani paipi yanu. Ma flow meter ambiri opangira msika wa ku America ndi a mainchi, ndipo amawerenga magaloni. Paipi ya inchi imodzi ndi theka kunja kwake ndi mamilimita 48, osati 50. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma kumasokoneza nambala yomwe mita ikuonetsa.

Mtundu wosavuta ndi uja woboola kabowo pamwamba pa paipi. Zimitsani pampu pa switchi yaikulu, musadalire zoti magetsi athima, amabwera osagogoda. Tsekani mavalavu, mutulutse mpweya mu fyuluta. Boolani pang'onopang'ono masana dzuwa litawomba, pakuti paipi ya pulasitiki ya PVC yokalamba imasweka msanga m'chisanu cha ku Dedza cha mu June ndi July. Palani m'mbali mwa bowo pasatsale tizidutswa, yalani labala wa mitayo, muimike mita chilili, kamuvi kataloza komwe madzi akupita, kenaka mumange bwino.

Mukangotsuka fyuluta, lembani pakhoma nambala ya mita ndi ya geji. Tsiku lina mukaona pulesha yakwera koma malita atsika, mchenga wa mu fyuluta wada, chitani backwash, kutanthauza kutsuka fyuluta poyendetsa madzi chobwerera. Zonse ziwiri zikatsika, vuto lili pampu isanafike: yang'anani kabasiketi kogwira zinyalala, makamaka ngati pafupi pali mitengo ya paini, popeza timasamba take timatseka kwambiri. Mukaona thovu pansi pa chivundikiro cha pampu, mpweya ukulowa penapake, ndipo nthawi zambiri ndi labala wa chivundikirocho amene wauma.